Momwe Mungamvetsere Zokambirana za Malire a Malipiro mu NHL

Mukamva kuti eni matimu a NHL, ligi ya hockey ya pa ayezi ya ku America ndi Canada, akukambirana ndi bungwe la osewera la NHLPA, musathamangire kufunsa kuti malire a malipiro, amene timu iliyonse siyenera kupitirira polipira osewera ake onse pa chaka, akhala madola angati. Yambani mwafufuza gawo limene osewera azilandira pa ndalama zimene masewerawa amabweretsa, chifukwa malirewo amawerengedwa kuchokera pamenepo.

Kenako kumbukirani kumene nkhaniyi yachokera. Mu 2004 eni matimu, motsogozedwa ndi mkulu wa ligi Gary Bettman, anatsekera osewera kunja, ndipo nyengo yonse ya 2004-05 inatha popanda masewero ngakhale amodzi. Pamapeto pake osewera anavomera kuti malipiro awo adulidwe ndi 24 peresenti komanso kuti timu iliyonse isamalipire kupitirira madola 39 miliyoni. Gawo la osewera pa ndalama zimene masewerawa amabweretsa linayambira pa 54 peresenti n'kukwera kufika pa 57, koma mkangano wa 2012, umene unasiya timu iliyonse ndi masewero 48 m'malo mwa 82, unalitsitsa kufika pa theka.

M'kuona kwanga, pofunika kudekha kwambiri ndi pa ndime ya escrow. Iyi ndi ndalama imene imadulidwa pa malipiro n'kusungidwa mpaka mawerengedwe a chaka atatha, ndipo zikapezeka kuti osewera alandira zoposa gawo lawo, ndalama yopitirirayo imabwezedwa kwa eni matimu. N'zomvetsa chisoni kuti wosewera amasayina mgwirizano asakudziwa ndalama yeniyeni imene ilowe m'thumba mwake, choncho onetsetsani ngati mgwirizano watsopano wa eni matimu ndi bungwe la osewera waika malire pa kudulako.