Kutsuka ndi kusintha fyuluta ya mpweya pa njinga yamoto ya m'tchire

Fumbi likalowa mu injini limapala pisitoni, maringi ndi mavavu ngati sandipepa, ndipo zizindikiro zake zimaoneka zinthu zitaonongeka kale: njinga kuvuta kulira m'mawa, mphamvu kuchepa, oyilo kutha msanga. Njinga zambiri za m'tchire zili ndi fyuluta ya siponji. Siponjiyo payokha sigwira fumbi losalala. Chimene chimagwira ndi oyilo womata amene mwapakamo, komanso mlomo wa fyulutayo ukakhala bwino pamalo pake.

Konzeranitu sipanala yochotsera chishalo (ya 8, 10 kapena 12, malinga ndi njinga), magolovesi, mabeseni awiri, mankhwala otsukira fyuluta kapena parafini, sopo wotsukira mbale, oyilo wa fyuluta ya siponji, girisi, jumbo yoyera, nsanza zosayoyoka ulusi ndi tochi.

Chotsani chishalo, kapena chivindikiro cha m'mbali ngati ndi njinga za mtundu wa KTM ndi zina zofanana nazo. Musanakhudze fyuluta, pukutani matope ndi mchenga zomwe zili pamwamba pa bokosi la mpweya, chifukwa zimenezi ndi zomwe zimagwera mkati mukamazula. Masulani bawuti yapakati kapena kapini kogwirira, kenako tulutsani fyuluta pang'onopang'ono pamodzi ndi chimango chake cha pulasitiki, mbali yakuda isakhudze bowo lopita ku injini. Walitsani tochi m'bowomo ndipo pisanimo chala choyera. Mukapeza fumbi, ndiye kuti penapake pakudontha: fyuluta inang'ambika, inalibe oyilo wokwanira, kapena inakhala mopendekera. Pezani chifukwa chake musanapitirire. Tsekani bowolo ndi chivindikiro chake chotsukira kapena nsanza yoyera, kenako pukutani bokosi lonse ndi kutsegula kabowo kotulukira madzi pansi pake.

Vulani siponji pa chimango ndi kuiviika m'mankhwala kapena m'parafini kwa mphindi zingapo, uku mukuifinya kuti oyilo wakale asungunuke. Petulo musiyeni. Amayeretsa msanga, inde, koma amadya guluu wa m'misoko, amaumitsa siponji, ndipo sachedwa kugwira moto. Ngati mumapaka oyilo wa No-Toil kapena wina wotsukika ndi madzi, gwiritsani ntchito mankhwala a kampani yomweyo, chifukwa oyilo wotere anapangidwa kuti azichoka ndi mankhwala akewo.

Kenako pitani nayo m'beseni la madzi ofunda a sopo. Finyani, tayani madzi, yambiraninso, mpaka pansi pa beseni pasaonekenso mchenga. Nthawi zambiri zimatenga kawiri kapena katatu. Tsukuluzani ndi madzi oyera mpaka thovu lonse lithe. Pofinya ikani fyuluta pakati pa zikhatho ndi kupanikiza. Musaipotokole, chifukwa timabowo ta mkati mwa siponji timang'ambika ngakhale kunja kukuoneka bwino.

Iyanikeni pamthunzi, podutsa mphepo, mpaka iumiretu. Kuisiya usiku wonse ndi bwino koposa. Kompuresa imang'amba siponji, ndipo moto kapena chowumitsira tsitsi zimasungunula guluu. Oyilo sagwira pa siponji yonyowa, choncho mukafulumira pamatsala malo opanda oyilo pomwe fumbi limadutsa mosavuta. Ichi ndi chifukwa chake ndi nzeru kukhala ndi mafyuluta awiri, ina ili panjinga ina ikuuma.

Ikauma, ino ndiyo nthawi yoweruza ngati ikugwirabe ntchito. Ikwezeni poyang'ana kuwala, kokani misoko pang'ono, tsinani siponji. Ngati msoko wamasuka, pali kabowo, siponji ikuyoyoka kapena mlomo wake wauma ndi kuphwa, itayeni. Kumata ndi guluu sikukhalitsa. Gulani yogwirizana ndi mtundu ndi chaka cha njinga yanu, ndipo dziwani kuti fyuluta yatsopano imafunikanso kupakidwa oyilo, pokhapokha ngati pa paketi alemba kuti ndi yopakidwa kale.

Popaka, khutchumulani botolo, ikani fyuluta mu jumbo, thiranimo oyilo pang'onopang'ono ndi kuikanda mpaka mtundu wa oyiloyo, kaya wabuluu, wofiira kapena wobiriwira, ufike paliponse kunja ndi mkati, m'misoko ndi m'makona momwe. Malo otuwa ndi khomo la fumbi. Mukatero finyani oyilo wotsala ndi kuisindikiza ndi pepala lopukutira mpaka isadonthenso. Oyilo akachuluka mpweya umapanikizika, injini imalandira petulo wambiri, imatsamwa mukakoka moto, pulagi imada, ndipo oyilo wina amatsikira mu kabuleta. Isiyeni panja kwa mphindi 20 kapena 30, kapena monga botolo likunenera, kuti oyilo ayambe kumata. Oyilo wa injini sayenera ntchito imeneyi: ndi wopyapyala, amatsetserekera pansi n'kusiya pamwamba pouma.

Valikaninso siponji pa chimango, timabowo take tilowe m'tizikhomo take. Pa njinga zambiri za 4-stroke (zosasakaniza petulo ndi oyilo) chimangocho chili ndi waya wa sefa woteteza kuti moto wobwerera kuchokera mu injini usayatse siponji, musauchotse. Pakani girisi pang'ono mozungulira mlomo wonse wa fyuluta. Chotsani nsanza ija m'bowo, ndipo onetsetsani kawiri, popeza nsanza yoiwalika imayamwidwa injini ikangolira. Lowetsani fyuluta motsata kachizindikiro kosonyeza kumwamba, mangani bawuti ndi dzanja mpaka ilimbe, kenako yendetsani zala mozungulira mlomo wonse, makamaka pansi ndi kumbuyo komwe maso saona. Pasakhale mpata ngakhale pang'ono. Fyuluta yoyera yokhala mopendekera imaononga injini msanga kuposa yakuda yokhala bwino.

M'fumbi lambiri kapena mumchenga, tsukani fyuluta pambuyo pa ulendo uliwonse. Nyengo yonyowa ikhoza kupirira maulendo awiri kapena atatu, koma iyang'aneni nthawi zonse mukaoloka madzi akuya. Ngati njinga yanu ndi ya zija zoyenda pamsewu ndi m'tchire momwe ndipo ili ndi fyuluta ya pepala, musaitsuke kapena kuipaka oyilo. Imeneyo ikada mumangoikamo ina.