Mukafuna kukaona mlatho wa Charles ku Prague, lawirani

Ngati mwakonza zokaona mlatho wa Charles mumzinda wa Prague, m'dziko la Czech Republic, mupite m'mamawa dzuwa likungotuluka kumene, osati masana. Mlathowu, womwe anayamba kuumanga mu 1357 pamtsinje wa Vltava, ndi wa oyenda pansi okhaokha, ndipo dzuwa likakwera umadzaza ndi alendo, oimba ndi ogulitsa zithunzi, moti kuyang'anitsitsa ziboliboli 30 za oyera mtima zomwe zili m'mbali mwake kumavuta kwambiri.

Mukwere sitima yoyenda pansi pa nthaka ya mzere A, mutsikire pa Staroměstská, kenaka muyende pang'ono. Kuwoloka mlathowu ndi kwaulere. Mumalipira pokhapokha mukafuna kukwera nsanja za kumapeto kwake.

Muyambe mwaima pa chiboliboli cha John wa ku Nepomuk, wansembe amene anaponyedwa mumtsinjewu mu 1393, chifukwa masana anthu amachita kudikirana kuti akhudze chithunzi chamkuwa chomwe chili m'munsi mwake. Kulawira kumathandizanso kupewa opisa m'matumba, amene amakonda pamene anthu apanikizana.