Malangizo kwa alendo ochokera ku Zambia odwala khunyu amene akufuna kukwera phiri la Mulanje

Werengani musananyamuke ku Chipata kapena ku Lusaka, ndipo muwerengerenso amene mudzayende nawo.

Khunyu limayambira mu ubongo, momwe muli maselo a minyewa okwana pafupifupi 86 biliyoni, ndipo pafupifupi lililonse lili ndi timizu tolandirira uthenga ndi kachingwe kamodzi kotumizira. Uthengawo ndi timagetsi tochepetsetsa timene timabadwa mchere wa sodium ukamalowa m'selo, wa potassium n'kumatuluka. Pothera kachingweko pali kampata. Apa selo limalavula timadzi timene timawoloka n'kukadzutsa selo linzake.

Munthu amagwa khunyu maselo ambiri akayaka nthawi imodzi mosalongosoka. Mankhwala ena a khunyu otchedwa carbamazepine amachepetsa kulowa kwa sodium kuja, n'chifukwa chake kudumphitsa kumwa n'koopsa. Tengani mankhwala anu okwanira ulendo wonse ndi ena apadera, muwasunge m'thumba losalowa madzi, pakuti mvula ndi nkhungu za kuno sizipangana ndi munthu. Kuphiriko kuli tinyumba togona alendo basi, chipatala kulibe. Muzigona mokwanira. Mowa usiyeni, ngakhale wolawa chabe, poti mowa ndi kusagona zimaputa matendawa.

Auzeni okutsogolerani pa Likhubula, poyambira kukwera phirili, za matenda anu musanayambe chitunda. Palibe chochititsa manyazi. Pa Dziwe la Nkhalamba musasambire nokha, ndipo madzulo musakhale moyandikira moto. Za ku nsonga ya Sapitwa, yotalika mamita 3,002, yambani mwafunsa dokotala wanu kwanu konko.

Inu operekeza, mnzanu akagwa chotsani miyala pafupi, muike chovala kunsi kwa mutu wake, muyang'ane nthawi. Musamupanikize, musamuike supuni kapena kamtengo m'kamwa. Lilime salimeza, koma mano mungamuthyole. Kugwedezeka kukaleka, mugonekeni chammbali kuti malovu atuluke, ndipo musamupatse madzi mpaka atatsitsimuka bwinobwino. Thovu lake kapena mpweya umene angatulutse sizipatsira munthu matendawa, choncho musathawe.

Akagwedezeka kupitirira mphindi 5, akagwanso asanatsitsimuke, kapena akavulala m'mutu, mutsitseni msanga mupite naye ku chipatala cha boma pa Mulanje, mutatenga mankhwala ake ndi buku lake la kuchipatala.