Kuyenda pansi m'madambo a ku Mtakataka: njira muzifunsa anthu, osati foni

Ife a pa Dedza boma tidazolowera kukwera. Mlendo akabwera timamulozera phiri lathu lija la mamita 2,198, akatsika ali wefuwefu timati basi Dedza waiona. Koma bomali lili ndi mbali ina kumunsi kwa mapiri, komwe dziko lidangoti see mpaka kukagunda nyanja: Golomoti, Mua, Mtakataka, dera la mfumu yaikulu Kachindamoto. Mayi anga kwawo n'komweko, ndipo chaka ndi chaka ndimatsikirako kukayenda pansi m'mbali mwa mitsinje ndi m'madambo. Amene mwakhala mukundifunsa kayendedwe kake, nkhani ndi iyi.

Pitani pakati pa Juni ndi Ogasiti. Madzi amakhala ataphwera, mpunga atakolola, ndipo mwera umakupepesani. Okutobala musayerekeze, munthu wokulira m'chisanu cha kuno, dzuwa la kuchigwa limamufoola isanakwane 10 koloko. Dzinja ndiye ayi ndithu, chifukwa chake ndinena kutsogoloku.

Kafikidwe n'kosavuta. Kwerani galimoto mpaka pa Masasa, mutsike Khwekhwelere (juzi ija muivulira m'makona momwemo), mukafika pa Golomoti mutsate msewu wa M5 kulowera cha ku Salima mpaka pa Mua. Ine ndimakonda kufika masana n'kugona, kuti ndiyambe ulendo m'bandakucha. Masanawo musangowataya. Mishoni ya Mua idayamba mu 1902, ndipo pomwepo pali malo a zachikhalidwe a Kungoni, omwe Bambo Claude Boucher adakhazikitsa mu 1976. Lowani muone zigoba za gule wamkulu, kenaka mutsetserekere ku mtsinje wa Nadzipokwe mukaone momwe madzi adaboolera miyala. Uonetsetseni mtsinjewo uli m'matanthwe choncho, chifukwa mawa, mitsinje ya kuno ikafika kuchidikha, simudzaizindikira.

M'mawa mwake dumphani msewu wa tala ndi njanji, mulunjike kotulukira dzuwa. Mapiri akhale kumbuyo kwanu tsiku lonse. Amenewo ndiwo kampasi yanu pobwerera. Poyamba mudutsa m'midzi ndi m'minda ya milambe ikuluikulu, kenaka madimba a mbatata, tomato ndi chimanga chachiwisi. Mukakhotera ku sikimu ya mpunga ya Bwanje Valley, ija ya mahekitala 800 yomwe idamangidwa ndi thandizo la dziko la Japan, kuyenda kumakoma chifukwa mumangotsata ngalande zobweretsa madzi kuchokera mu Namikokwe. Pondani pa timizere tolekanitsa zigawo, osati m'munda mwa mwini, ngakhale muoneke mopanda kanthu.

Mukapitirira minda, m'pamene pamayamba dambo lenileni, ndipo apa foni ibwezeni m'thumba. Mapu a pa Google amaonetsa kanjira komwe kadalipo tsiku lomwe chithunzi cha mapuwo chidajambulidwa. Mitsinje ya kuno imatsika m'mapiri itasenza mchenga, ikafika posalala imautula, chaka chinacho n'kudzipatulira njira ina. Nyanja nayo imakwera ndi kutsika. Mu 2024 idadzaza mpaka kumiza malo omwe anthu adazolowera kudutsa. Doko lomwe ndinawolokera chaka chatha mwina lero ndi thamanda, kapena wina wadzalapo nzimbe. N'chifukwa chake sindikukupatsani makilomita kapena kukuuzani kuti pamtengo wakutiwakuti mukhote. Ndingakunamizeni.

Njira imadziwika ndi amene aiponda dzulo: anyamata abusa a ng'ombe, amayi ochokera kudimba, ageni okankha njinga za usipa kuchokera kunyanja. Kafunsidwe kake nakonso kali ndi mwambo. Musangoti balamanthu n'kuyamba ndi funso. Imani, vulani chipewa, "Wawa bambo, mwadzuka bwanji?", mudzifotokoze kochokera ndi kopita. Ndiye musafunse kuti "Njira ya kunyanja ndi iyi?" chifukwa munthu waulemu angokuvomerani. Funsani kuti, "Kodi masiku ano mukuwolokera pati?" Yankho lake limabwera ndi zonse: poterera, pomwe ng'ombe idatitimira, pomwe ng'ona idaoneka sabata yatha. Ngati n'koyamba, pemphani mnyamata wa m'mudzimo akuperekezeni, mugwirizane ndalama musananyamuke. Ndipo ngati muli gulu, kapena mwanyamula makamera, yambani mwapita kukalonjera kwa a nyakwawa. Mphindi khumi zimenezo zimakutsegulirani dera lonse.

Ine ndidaphunzira ndi nsapato. Chaka china ndidaona kuti njira yomwe malume adandilozera ikuzungulira kwambiri, pomwe kutsogolo kwanga kudali udzu wobiriwira bwino, wosalala ngati bwalo la mpira. Ndidadula. Mapazi asanu okha, mwendo wamanja udalowa mpaka m'bondo, ndipo pouzula udatuluka ndi sokosi yokha. Dothi la makande limatero: pamwamba louma, lang'alung'alu, pansi phala. Nditabwerera motsimphina malume adangoti, "Mphwanga, udzu ukabiriwira mwezi wa Julaye, ukumwa chiyani?" Kuyambira pamenepo ndimayenda ndi ndodo yansungwi yotalika kufika pachifuwa, ndipo paliponse pokayikitsa ndimayamba ndabaya. Mapazi a ng'ombe musawakhulupirire kwambiri, ng'ombe imadutsa pomwe inu mungatitimire. Tsatani pomwe padutsa tayala la njinga.

Za dzinja zija. Kuchigwa kukhoza kukhala dzuwa lili phwee, koma ku mapiri a Dedza kukugwa chimvula, ndipo madzi onsewo njira yawo ndi yomweyi. Mtsinje womwe mwawoloka m'mawa madzi ali m'akakolo, masana mumaupeza uli thothotho. Ngakhale mvula zoyamba zikangoyamba, musanalowe m'madzi chewukani muone kumapiri. Kukachita mdima, kapena madzi akayamba kufiira ndi kubweretsa zinyalala, khalani kutsidya komwe muliko.

Mukayandikira nyanja, bango ndi gumbwa zimachuluka, ndipo apa eni ake ndi ena. Mukaona kanjira kotakata kolowa m'bango, kokhala ndi mikwasa iwiri ndi kamzere pakati, si ka anthu, ndi ka mvuu. Imatuluka usiku kukadya msipu n'kubwerera m'mamawa, ndipo choopsa kwambiri ndi kupezeka pakati pa iyo ndi madzi. Ndiye m'bango musalowemo dzuwa lisanakwere, kapena likamapendeka. Ng'ona nyengo yozizirayi zimakonda kuothera dzuwa pamchenga. Musakhale pansi m'mphepete penipeni mwa madzi akuya, ndipo kusamba m'maso muiwale.

Chomwe chimagwira anthu ambiri komabe si ng'ona. Ndi likodzo. Tizilombo take timachokera m'nkhono za m'madzi odekha, timalowa pakhungu osamva kanthu, ndipo mkodzo wamagazi umadzaoneka patapita masabata. Valani majombo ngati muli nawo. Ine ndimanyamula majombo m'chikwama n'kuvala pofika ponyowa pokha, chifukwa kuyenda nawo tsiku lonse kumatupitsa matuza. Ngati mwaviika miyendo m'thamanda, kayezetseni kuchipatala pakapita miyezi iwiri. Mankhwala ake, praziquantel, amamwa tsiku limodzi.

Buluku lalitali, osati kabudula, chifukwa cha chitedze cha m'mbali mwa mitsinje. Madzi akumwa malita atatu, chipewa, mtedza wokazinga, ndalama zosinthasintha. Pogona pakhale neti, udzudzu wa kuno si wa pa boma. Mukaona nkhalango yowirira ili yokhayokha pakati pa minda, amenewo ndi manda, ndipo kawirikawiri ndi dambwe. Ilambalaleni, ngakhale mthunzi wake ukukopeni bwanji, ndipo musajambule.

Mbalame ndiye musanyamukire changu. Akakowa amatsata ng'ombe, nantchengwa amaima duu m'matope pafupi ndi chisa chake chachikulu ngati nkhokwe, ndipo mukamva nkhwazi ikulira dziwani kuti nyanja yayandikira ngakhale simukuiona. Ine ndimakhala pachulu theka la ola, osayankhula, ndikudya mtedza wanga.

Pofika padoko la asodzi miyendo imakhala itakwana, ndiye kubwerera pansi sindikulangizani. Gulani nsomba yowotcha, mupume, kenaka mufunse wakabaza akutulutseni kumsewu wa M5. Nyamukani isanakwane 3 koloko, chifukwa galimoto zokwera Khwekhwelere zimasowa kukamada, ndipo juzi ija muiike pamwamba m'chikwama, muifuna musanafike pa Masasa.