Madzi Amatope Kuseri kwa Damu la Dothi

Amene mumayang'anira damu la dothi lotchinga madzi osefukira, muziyendera kuseri kwa khoma lake mvula yamphamvu ikangotha. Kuchucha pang'ono kwa madzi oyera si kwachilendo, koma mukaona madzi amatope, kapena kasupe amene akukulirakulira, dziwani kuti dothi likukokoloka mkati mwa khomalo, ndipo muitane katswiri mwamsanga komanso muchenjeze anthu okhala kumunsi. Umu ndi mmene damu la Teton ku Idaho, m'dziko la America, linagumukira mu 1976, pamene linkadzazidwa koyamba.

Musalole mitengo kumera pa khomalo, chifukwa mizu ikaola imasiya njira za madzi. Chiswe nachonso chimaboola. Ngalande yotayira madzi ochuluka, imene ambiri amaiiwala, izikhala yosatsekeka, pakuti madzi akadutsa pamwamba pa khoma la dothi amalikokolola mofulumira kwambiri.