Momwe mungawongolere wilo lakutsogolo la njinga yamoto mutaika masipeya ogula pamsika

Njinga zambiri za kabaza zimene zimayenda pakati pa Dedza boma, Bembeke, Lizulu ndi Ntcheu sizilinso ndi zitsulo zakutsogolo zimene zinabwera nazo. Limu inapindika padzenje, anaika ina. Mafoloko, mapaipi awiri aja ogwira wilo lakutsogolo, anayamba kutaya mafuta, anagula ena. Masipeyawo ena amachokera ku Lilongwe, ena amalowa kuchokera ku Mozambique, ndipo wogulitsa amangoti "iyi imalowa pa njinga iliyonse". Kulowa imalowadi, koma ikasiyana ndi yakale mamilimita awiri kapena atatu okha, wilo limakhala mopendekeka.

Muzindikira kuti zinthu sizili bwino mukaona handulo itayang'ana kumbali pamene njinga ikuyenda molunjika, njinga ikukokera mbali imodzi, tayala likudyeka mbali imodzi, mafoloko akukakamira mukagwira buleki, kapena buleki ikukhula ngakhale simunaigwire. Pamsewu wa M1 munthu amatha kuzolowera. Koma potsika Khwekhwerere kupita ku Golomoti, mutanyamula munthu kapena matumba a mbatatesi, mabuleki akugwira ntchito pakona iliyonse, njinga yotere ikhoza kukugwetsani.

Ine sindiletsa masipeya otchipa, pakuti ndi amene ambirife timakwanitsa. Ndimangoti asanamangidwe ayesedwe, ndipo mabawuti amangidwe motsatana bwino.

Zofunika

Masipanala okwana bwino pamanati, rula kapena tepi yoyezera, chingwe chopyapyala chotalika mamita asanu, choko, girizi, chipika choika pansi pa injini, ndi mnzanu mmodzi wogwira njinga. Pezani simenti yosalala monga pakhonde la sitolo. Pafumbi kapena potsetsereka miyeso idzakunamizani.

Yambani ndi kufananiza chakale ndi chatsopano

Musataye chitsulo chakale musanachiike pambali pa chatsopano. Apa ndi pamene ntchito yambiri imalakwikira.

Yezani kunenepa kwa ekiselo, chitsulo chodutsa pakati pa wilo chimene wilolo limazungulirapo. Njinga zazing'ono za 100cc mpaka 150cc zimakhala ndi ekiselo ya mamilimita 10, 12 kapena 15, ndipo belingi iyenera kugwirizana nayo. Nambala imalembedwa pabelingi pomwepo: 6300 bowo lake ndi mamilimita 10, 6201 ndi 6301 ndi mamilimita 12, pamene 6202 ndi 6302 ndi mamilimita 15. Wilo latsopano likabwera ndi mabelingi a 15 koma ekiselo yanu ndi ya 12, lidzagwedera ngakhale mumange nati ndi mphamvu zanu zonse. Musalole kuti wina akulunge kachitini paekiselo kuti ikwane.

Kenako yezani habu, chitsulo chapakati pa wilo momwe mumakhala mabelingi, m'lifupi, kuchokera pabelingi ina kufika pa inzake, ndipo mufananize ndi yakale. Lowetsani chala m'bowo la habu: pakati pa mabelingi awiriwo payenera kukhala kapaipi kachitsulo. Kapaipi kameneka ndi kamene kamaletsa mabelingi kufinyika mukamanga nati. Mawilo ena ogula amabwera alibe, kapena kali kofupika. Mukamanga choncho wilo limalemera kuzungulira ndipo mabelingi satenga nthawi kutha.

Masipesa akunja, timapaipi tija timakhala pakati pa habu ndi foloko, nawonso ayesedwe kutalika. Kawirikawiri lakumanzere ndi lakumanja safanana, ndiye pochotsa muziika chizindikiro. Ekiselo igubuduzeni pagalasi kapena pathebulo losalala. Ikamadumphadumpha ndiye kuti inapindika. Mabuku okonzera njinga a Honda salola kupindika koposa mamilimita 0.2, choncho ngati diso lanu likutha kuona kupindikako, ekiseloyo yatha ntchito.

Mafoloko mugule awiri pamodzi. Foloko yatsopano mbali imodzi ndi yakale mbali inayo sizilimba mofanana, nthawi zina ngakhale kutalika zimasiyana.

Kwezani kutsogolo, muone chimene chikugwedera

Imikani njinga pasitandi yapakati, ikani chipika pansi pa injini kuti wilo lakutsogolo lichoke pansi. Gwirani mafoloko mmunsi, kokani ndi kukankha. Mukamva "kho kho" pakhosi la njinga, mabelingi a pakhosi amasuka. Tembenuzani handulo uku ndi uku: ikamakakamira pakati, mabelingiwo anakumbika. Konzani zimenezi poyamba, apo ayi zonse zotsatira mungotaya nthawi.

Tsopano zunguzani wilo mutagwiritsa choko pafoloko, nsonga yake ili pafupi kwambiri ndi m'mphepete mwa limu. Pamene chokocho chalemba ndi pamene limu yapendekera. Malire ake ndi mamilimita 2. Ngati ndi wilo la masipoko, ndipo limu yapendekera kumanzere, masulani pang'ono masipoko opita kumanzere kwa habu pamalopo, mumange opita kumanja. Potolani kotala ya mzungulo basi, zunguzaninso, onaninso. Ntchito imeneyi imafuna mtima wodekha, ndipo amisiri ena okonza njinga zakapalasa amaidziwa kuposa amakaniko ambiri. Limu ya aluminiyamu yopanda masipoko ikapindika musaimenye ndi hamala, imang'aluka mkati mosaoneka. Gulani ina.

Onaninso tayala. Pali kamzere kozungulira m'mbali mwake pafupi ndi limu. Kayenera kuoneka mofanana kuzungulira konse. Kakalowa mkati pena, tulutsani mpweya, pakani madzi a sopo, popaninso. Ngati tayala lili ndi muvi, uloze kumene wilo limazungulira popita kutsogolo.

Kumasula mafoloko kuti abwerere pamalo pake

Ambiri amapana wilo ndi mawondo n'kupotola handulo mwamphamvu. Pa njinga yakapalasa zimatheka. Pa yamoto, mabawuti ali omangika, mumangopotola mafoloko m'zitsulo zowagwira, ndipo pakapita masiku amabwerera kapena amayamba kukakamira.

Mafoloko amagwiridwa ndi zitsulo ziwiri pakhosi, chapamwamba pansi pa handulo ndi chapansi pamwamba pa madigadi. Onani ngati mitu ya mafoloko onse awiri ili pamsinkhu umodzi pachitsulo chapamwamba. Pa njinga zambiri zazing'ono mutu wa foloko umamangidwa ndi bawuti yaikulu yodutsa pachitsulocho, choncho msinkhu sungasinthidwe. Pamenepo ekiselo ikamakana kudutsa mbali zonse, vuto ndi mafolokowo.

Tsitsani wilo pansi. Masulani, koma osachotsa, mabawuti a chitsulo chapansi, nati yaikulu ya pakati pa chitsulo chapamwamba, mabawuti a madigadi ndi nati ya ekiselo. Madigadi musaiwale: yogula pamsika mabowo ake akapanda kugwirizana, imakoka mafoloko yokha. Mabawuti ogwira mitu ya mafoloko kumwamba asiyeni omangika kuti njinga isatsetsereke pansi.

Musanapitirire, onani zinthu ziwiri pahabu. Mano a kagiya ka sipidomita alowe m'mipata yake, chifukwa akakhala pamwamba amakankha wilo kumbali ndipo amathyoka mukamanga. Ngati buleki ndi ya dilamu, mpata wa mbale ya buleki ulowe pakachitsulo kotuluka pafoloko. Zikaphonyana, mbaleyo idzazungulira limodzi ndi wilo tsiku limene mudzagwire buleki mwadzidzidzi.

Ekiselo yopakidwa girizi pang'ono iyenera kulowa ndi dzanja, kapena pongoigogoda mopepuka. Ngati ikufuna hamala, china chake sichili pamzere.

Chotsani njinga pasitandi, khalani pampando, lunjikitsani handulo. Kankhirani wilo pakhoma, kanikizani handulo pansi mwamphamvu kasanu kapena kasanu ndi kamodzi kuti mafoloko alowe ndi kutuluka. Pochita zimenezi zitsulo zonse zimadzipezera malo. Kenako mangani motere: nati ya pakati kumwamba, mabawuti a chitsulo chapansi, nati ya ekiselo, tsono madigadi pomaliza. Pa buleki ya dilamu, mnzanu agwire buleki pamene mukumanga nati ya ekiselo kuti mashuzi a buleki akhale pakati. Ngati foloko ili ndi mabawuti opana ekiselo mmunsi, kanikizaninso mafoloko musanawamange. Musawonjezere paipi kusipanala, mudzaononga bawuti. Nati ikakhala ya mipata, ikani pini yatsopano, osati msomali.

Yezani mpata pakati pa limu ndi foloko mbali zonse ziwiri. Ukhale wofanana. Ukasiyana, sipesa ndi yolakwika, ndipo chofunika ndi kudulitsa ina yamuyeso kwa amisiri osula zitsulo pamakina. Kuunjika mawashala sindikuvomereza, makamaka pa buleki ya disiki, chifukwa disikiyo imachoka pakati n'kumadya padi imodzi.

Muyeso wa chingwe

Wilo lakutsogolo likhoza kukhala bwino koma njinga n'kumayendabe cham'mbali chifukwa cha lakumbuyo. Mnzanu aimike njinga chilili. Kolekani pakati pa chingwe kuseri kwa tayala lakumbuyo, pamwamba pang'ono kuchokera pansi pomwe sichikhudza sitandi kapena ekizozi, ndipo mubweretse nsonga zonse ziwiri kutsogolo. Mangani nsonga iliyonse kunjerwa, muzisuntha njerwayo mpaka chingwe chingokhudza tayala lakumbuyo pamalo awiri, kumbuyo ndi kutsogolo kwake, osapindika.

Tayala lakutsogolo ndi lopyapyala, ndiye chingwe sichilikhudza. Ngati saizi yolembedwa patayala lakumbuyo ndi 3.00 ndipo palakutsogolo ndi 2.75, yembekezerani mpata wa mamilimita atatu kapena kuyandikira pamenepo mbali iliyonse. Tembenuzani handulo mpaka mpata wakutsogolo ndi wakumbuyo kwa tayalalo ufanane, kenako fananizani kumanzere ndi kumanja. Mpata ukakula kumanzere, wilo lakumbuyo laloza kumanzere. Masulani nati ya ekiselo yakumbuyo, mangani pang'ono chokokera tcheni chakumanja, yezaninso. Timizere ta pazokokera zogula pamsika musatikhulupirire kwambiri, chingwe ndicho chinene. Mukamaliza onani tcheni: pa njinga zambiri zoterezi imafunika kusewera mamilimita 20 mpaka 30 pakati.

Kuyesa pamsewu

Popani tayala monga momwe chomata cha panjinga chanenera. Pa zambiri zazing'ono kutsogolo ndi 25 psi. Ngati buleki ndi ya disiki, finyani chogwirira kangapo mpaka chilimbe musanasunthe. Valani chisoti, yendani nokha opanda katundu pamsewu wosalala wopanda magalimoto, pang'onopang'ono. Pepuzani manja pahandulo koma osaisiya. Msewu umapendekera kumbali kuti madzi azitsika, choncho kukokera pang'ono kumanzere si vuto, koma muyese popita ndi pobwera. Gwirani buleki yakutsogolo kangapo, mumve ngati mafoloko akulowa ndi kubwerera mosakakamira. Mawa lake muonenso mabawuti onse ndi masipoko.

Ngati mwachita zonsezi koma handulo ikadali yopendekeka, onani ngati handuloyo yokha sinapindike pogwa. Ikakhala bwino, chotsani mafoloko, mugubuduze mapaipi ake owala pagalasi monga munachitira ndi ekiselo. Opindika asinthidwe, asawongoledwe pamoto. Chingwe chikamakanabe ngakhale wilo lakumbuyo mwaliwongola, chitsulo chapansi chogwira mafoloko kapena fulemu yeniyeniyo inapindika, ndipo njingayo isanyamule munthu mpaka makaniko wodziwa aione.