Momwe mungasankhire thumba la masheya pomwe makampani a AI adzaza msika

Za kutsegula akaunti kwa broker (kampani yomwe imakugulirani ndi kukugulitsirani masheya) sindichulukitsa mawu: chiphaso, umboni wa komwe mumakhala, kenako kudikira. Ingoonetsetsani kuti broker wanuyo ali ndi chilolezo cha bungwe loyang'anira misika ya ndalama m'dziko lomwe akugwirira ntchito. Aja a pa WhatsApp ndi Telegram olonjeza 20 peresenti mwezi uliwonse, athaweni. S&P 500, yomwe imatsatira makampani akuluakulu pafupifupi 500 a ku America, pa zaka zambirimbiri yakhala ikubweza pafupifupi 10 peresenti pa chaka, osati pa mwezi.

Musanagule, onani kaye komwe chiwongoladzanja chikulowera. Kukwera kwa mitengo ya zinthu ku America kunafika pa 9.1 peresenti mu June 2022, ndipo Federal Reserve, banki yaikulu ya dzikolo, kuyambira March 2022 inakweza chiwongoladzanja kuchoka pafupi ndi ziro mpaka kupitirira 5 peresenti pofika July 2023. Boma likamapereka phindu lotere pa ma bond (ngongole zomwe limatenga kwa anthu nkumabweza ndi chiwongoladzanja), anthu ambiri amachotsa ndalama zawo ku masheya. Kutsitsa chiwongoladzanjacho kunayamba mu September 2024.

Tsopano pano mpomwe pafunika kudekha. Mukasankha ETF (thumba losonkhanitsa masheya a makampani ambiri, lomwe limagulidwa ngati sheya imodzi), tsegulani fact sheet yake (chikalata chachidule chofotokoza zomwe zili m'thumbamo) ndi kuwerenga makampani khumi omwe ali pamwamba. Dzina la thumba lisakunamizeni. Ine wogulitsa wina anandipatsa matumba atatu, lina la America, lina la zaukadaulo, lina lolembedwa kuti ndi la dziko lonse, nkundiuza kuti ndalama zanga zamwazika bwino. Mu 2022, S&P 500 itagwa ndi 19 peresenti, Nasdaq (yodzaza makampani a zaukadaulo) ndi 33 peresenti, onse atatu anagwera limodzi. Nditawatsegula ndinapeza Apple, Microsoft, Amazon ndi Alphabet m'thumba lililonse. Ndinali ndagula makampani omwewo katatu, nkumalipiranso ndalama zoyendetsera katatu.

Lero vutoli lakula. Nvidia, yomwe imapanga ma chip oyendetsa AI (makompyuta otsanzira nzeru za munthu), inafika mtengo wa madola 1 thililiyoni mu 2023 ndipo mu July 2025 inadutsa 4 thililiyoni. Makampani asanu ndi awiri okha a zaukadaulo akutenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a S&P 500. Ngakhale MSCI World, yomwe imatsatira makampani a m'maiko olemera ndipo dzina lake likumveka ngati dziko lonse, pafupifupi 70 peresenti yake ndi makampani a ku America. Choncho lembani papepala makampani khumi a thumba lililonse, muwayandikize. Akafanana oposa theka, thumba limodzi likukwanirani. Ndalama yotsalayo iikeni kosiyana: ma bond, makampani ang'onoang'ono, kapena thumba la equal weight lomwe kampani iliyonse imapatsidwa gawo lofanana. Sindikunena kuti AI ndi chinyengo ayi, makampaniwa akupangadi phindu. Koma mitengo ya masheya awo yawerengera kale phindu la zaka zam'tsogolo lomwe silinabwere.

Kenako onani expense ratio, ndalama yomwe thumba limakudulani pa chaka poliyendetsa. Matumba ongotsatira index (mndandanda wa makampani ngati MSCI World) alipo otenga pansi pa 0.1 peresenti pa chaka, okulipiritsani 1.5 peresenti afotokoze chomwe akuchita choposa anzawo. Funsaninso mtengo wosinthira ndalama, chifukwa ma broker ena amati kugula nkwaulere koma amakudyerani pamenepo.

Zotsalazo nzosavuta. Gulani pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi, ma dividend (phindu lomwe makampani amagawira eni masheya) muziwabwezera momwemo, za msonkho funsani malamulo a kwanuko. Fact sheet ija muziitsegulanso kamodzi pa chaka.